Yankho langa kwa amalume pa za thumba la ana odwala khansa

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Joni, pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana onse? Kuno tili bwino ndithu. Ndamvetsera uthenga umene munaika pa gulu lathu la banja dzulo usiku, ndipo ndasankha kuyankhira pomwe pano kuti abale ena amve nawo, chifukwa ndikudziwa kuti funso lanulo ena ali nalonso koma akuchita manyazi kulifunsa. Mwafunsa kuti, popeza chipatala cha boma sichilipiritsa, ndalama zimene komiti ya kumudzi ikusonkhetsa zothandizira mabanja a ana odwala khansa zikukagwira ntchito yanji. Mwafunsanso ngati ndawala yodziwitsa anthu za khansa ya ana imene tikukonza siidzangodya ndalama zomwezo. Ndiloleni ndifotokoze mwachifatse, ngakhale uthengawu utalikeko.

Mwanena zoona kuti chithandizo ndi chaulere. Ana a kuno kummwera amagonekedwa mu wodi ya ana odwala khansa ku chipatala cha Gulupu, kapena kuti Queen Elizabeth Central, ku Blantyre, ndipo ambiri a chigawo chapakati ndi kumpoto amakathera ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala, kuyeza magazi ndi opaleshoni, makolo salipira, chifukwa boma ndi mabungwe monga World Child Cancer ndi Children with Cancer in Malawi amathandizana pa zimenezo. Choncho ife sitikusonkha ndalama zogulira mankhwala ayi. Tikusonkha kuti mwana afike kumene kuli mankhwalawo, ndiponso kuti azibwererako pa tsiku lililonse limene adokotala alemba m'buku lake mpaka chithandizo chonse chithe.

Taganizirani ulendo wochokera kwathu ku Phalombe, umene inu mukuudziwa bwino. Mayi amayamba wakwera kabaza ndi mwana wodwala kuti akafike pamsewu, kenako minibasi mpaka ku Limbe, ndipo kumeneko amakwera ina yopita ku Ginnery Corner. Ngati mwanayo ndi wamkuluko amalipiridwa mpando wake, ndipo kawirikawiri kumbuyo kumakhala kuli wina woyamwa amene sangasiyidwe. Ulendo umodzi banja likhoza kuukwanitsa pogulitsa nkhuku kapena ndowa ya nandolo. Koma ulendowo umabwerezedwa kwa miyezi, ndipo akagonekedwa, mayi amene ali gadiyani amafunika sopo, makala, ndiwo ndi mayunitsi a foni, pamene kumudzi munda wakhala osapalira, geni yaima, ndipo ana otsalawo ayamba kujomba kusukulu chifukwa palibe wowaphikira. Matendawa akafika pakhomo m'nyengo ya dzinja, banjalo limadziwiratu kuti chaka chamawa kuli njala. Mayi akasiya kupita ku Blantyre pa chifukwa chotere, anthu amafulumira kunena kuti sakonda mwana wake, pamene iye wakhala akusankha pakati pa mwana mmodzi wodwala ndi ana ena amene akugona ndi njala. Chisankho chotere sindikufuna kuti mayi wina aliyense wa m'mudzi mwathu akumane nacho ali yekha.

Pali chinthu china chokhudza matenda enieniwo chimene chimachititsa kuti kusiyira panjira kukhale koopsa kwambiri. Khansa imodzi imene imagwira ana ambiri kuno kwathu imatchedwa Burkitt lymphoma, potengera dzina la dokotala Denis Burkitt amene anaifotokoza m'chaka cha 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo ambiri, ndipo akatswiri anapeza kuti kudwala malungo pafupipafupi pamodzi ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr kumathandizira kuti iyambe. Imatupitsa nsagwada, mozungulira diso kapena m'mimba, ndipo chotupa chake chimakula mofulumira kwambiri, mwakuti m'masabata ochepa nkhope ya mwana imasinthiratu. Ubwino wake ndi wakuti imamvanso mankhwala mofulumira. Mwana akalandira mankhwala oyambirira, chotupa chimaphwa, amayamba kudya ndi kusewera, ndipo makolo amene atopa kale ndiponso alibe ndalama amaona ngati wachira. Komatu matenda amakhala akadali m'thupi, ndipo akabwereranso amavuta kuchiza kuposa poyamba. Nthawi imene mwana akuoneka bwino ndi imene banja limafunika munthu wolilimbikitsa ndi kulipatsa ndalama ya thiransipoti.

Khansa zina zimatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ya mu impso, imene madokotala amaitcha Wilms, imafuna kuti mwana ayambe walandira mankhwala ochepetsa chotupa, kenako achitidwe opaleshoni, kenako apitirizenso mankhwala. Ya m'magazi, mtundu umene umagwira ana ambiri, imatha kutenga zaka 2 kapena kupitirira. Komanso mankhwala amenewa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, mwakuti mwana amene akuwalandira akatentha thupi usiku sayenera kupatsidwa panado ndi kudikira kuti kuche, koma kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mwana wonyentchera naye amavutika kupirira mankhwalawa. Ndi chifukwa chake gawo lina la thumbali timalisunga kuti likhale la ulendo wadzidzidzi, ndipo lina timagulira soya, mtedza, mazira ndi ufa wa phala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'mayiko olemera, ana oposa 8 mwa 10 alionse amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka amene amachira sakwana 3 mwa 10. M'chaka cha 2018 bungweli linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2030 ana 6 mwa 10 alionse azichira padziko lonse. Zifukwa za kusiyana kumeneku ndi zambiri, ndipo zina, monga kuchepa kwa madokotala, zipangizo ndi mankhwala, sitingazithetse ife anthu wamba. Koma ziwiri mwa zifukwa zikuluzikulu, zomwe ndi kufika mochedwa kuchipatala ndi kusiya chithandizo chisanathe, zimachitikira m'mudzi, pakhomo, ndipo pamenepo ndi pamene dzanja lathu likufika.

Amalume, mundikhululukire ngati ndikulankhula mosapsatira, koma ife a m'banja lino ndi a mudzi wonse timadziwa bwino kusonkha pa maliro. Uthenga ukangomveka, ufa umabwera, nkhuni zimabwera, anyamata amakakumba manda, ndipo inu amene muli kutali mumatumiza ya bokosi tsiku lomwelo. Chimenechi ndi chikhalidwe chabwino ndipo sindikuchinyoza. Chimene chimandiwawa ndi chakuti ndalama imene imasonkhedwa pa maliro a mwana nthawi zambiri ikanakwanira maulendo onse amene mayi ake analephera kuyenda mwanayo ali moyo. Komitiyi inayamba pamene amayi a Mvano, anthu a kumzikiti ndi amfumu anagwirizana kuti luso lomwelo la kusonkha tiligwiritse ntchito munthu akadali ndi mpweya.

Tsopano ndifike pa za ndawala. Nkhawa yanu ndikuimvetsa, chifukwa tonse taonapo zochitika zimene ndalama zambiri zimathera pa malaya osindikiza, zokuzira mawu ndi zakumwa za alendo olemekezeka. Pa msonkhano ine ndinali mmodzi mwa amene anakana zimenezo, ndipo tinagwirizana kuti palibe tambala ya m'thumba la ana imene ipite ku mwambowo. Aliyense avala zovala zake, ndipo amayi asoka timaliboni ta mtundu wa golide, umene ndi chizindikiro cha khansa ya ana padziko lonse. Mwezi wa September ndi umene anthu amakumbutsana za matendawa, komanso pali tsiku la 15 February, ndipo ife tasankha September chifukwa anthu amakhala atakolola, misewu ili youma.

Cholinga chachikulu cha ndawalayo si ndalama zimene zidzaponyedwe m'mbale pamsika, ngakhale tidzazilandira ndi manja awiri. Tikufuna anthu amve zizindikiro. Khansa zambiri za ana zilibe njira yozipewera, ndipo palibe kuyeza kwa ana onse kumene kungazipeze zisanayambe kuonekera, choncho chimene chimapulumutsa mwana ndi diso la kholo, la mphunzitsi ndi la mlangizi wa zaumoyo. Tidzauza anthu kuti chotupa chimene chikukula pansagwada, m'khosi kapena m'mimba, ngakhale chisakupweteka, si chodikira nacho. Chimodzimodzinso kadontho koyera pakati pa diso la mwana wamng'ono, kamene kamanyezimira ngati diso la mphaka usiku, chifukwa kakhoza kukhala chizindikiro cha khansa ya m'diso imene imachizika ikapezeka msanga. Kutentha thupi kosatha pamene malungo sakupezeka, kuchepa magazi mobwerezabwereza, kukha magazi m'mphuno kapena m'nkhama, kuwawa kwa mafupa kumene kukulepheretsa mwana kuyenda, ndi mutu wosatha wophatikizana ndi kusanza m'mawa, zonsezi zimafuna kuti kholo libwererenso kuchipatala ndi kufotokoza kuti mankhwala oyamba sanathandize. Sikuti mwana aliyense wa zizindikiro zimenezi ali ndi khansa, ndipo tidzanena zimenezo momveka kuti tisaopseze anthu, koma woyenera kugamula ndi dokotala.

Palinso nkhani imene tiyenera kuikamba mwaulemu koma mosabisa. Chotupa chikatuluka mwadzidzidzi pankhope pa mwana, ambiri kwathu amaganiza za ufiti, ndipo masabata amatha banja likuyenda kwa asing'anga, mwana akutemedwa mphini, agogo ena akulozedwa chala. Ena amasala banjalo poganiza kuti matendawa ndi opatsirana, ndipo ena amaimba mlandu mayi. Khansa sipatsirana, ndipo si chilango cha tchimo la kholo. Ife sitikupita kukakangana ndi aliyense pa za chikhulupiriro chake. Tapempha amfumu kuti aitane asing'anga a m'dera lathu ndi atsogoleri a mipingo, kuti tikawapemphe chinthu chimodzi chokha, chakuti akaona mwana wa zizindikiro zimenezi amutumize kuchipatala tsiku lomwelo, mapemphero azipitirira mwanayo akulandira chithandizo. Sing'anga mmodzi akavomera zimenezo, ndiye kuti ndawalayo yapindula kuposa ndalama zonse za m'mbale.

Za kasungidwe ka ndalama, muli ndi ufulu wonse wofunsa, ndipo ndikanadabwa mukanapanda kufunsa. Ndalama sizikhala m'nyumba mwa munthu. Zimalowa ku akaunti ya komiti, ndipo kuti zituluke pamafunika anthu atatu ochokera m'mabanja osiyana asayine. Banja la wodwala sitilipatsa ndalama zonse nthawi imodzi. Sikuti timalikayikira, koma pakhomo pamene pali njala ndi ngongole, ndalama yambiri imatha tsiku la kuchipatala lisanafike. Mlembi amakopera masiku olembedwa m'buku la mwana, ndipo tsiku likayandikira timatumiza ya ulendowo pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kenako wina amaimba foni kuti amve ngati afika. Mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zimawerengedwa pagulu, ndipo ndidzajambula tsambalo ndi kuliika pano. Chimene sindidzaika ndi zithunzi za anawo kapena mayina awo. Ena anatiuza kuti tikaika chithunzi cha mwana wotupa nkhope pa Facebook anthu apereka msanga, ndipo mwina ndi zoona, koma mwanayo adzakula, ndipo chithunzicho chidzakhala chikuyendabe m'mafoni a anthu.

Ndisakunamizeni kuti mwana aliyense amene timuthandize adzachira. Ena amafika matenda atafalikira kale, ndipo madokotala amauza makolo kuti chatsala ndi kuchepetsa ululu. Ku Gulupu kuli gawo lotchedwa Umodzi limene limasamalira ana otere ndi mabanja awo, ndipo mwana akabwerera kumudzi amafunikabe mankhwala oletsa ululu kuti asavutike. Tinagwirizana kuti banja lotere sitilichotsa m'kaundula. Timapitiriza kulithandiza kukatenga mankhwalawo, amayi amasinthana kukachezera ndi kutunga madzi, ndipo anyamata a mpingo amakalima munda wake.

Ngati mtima wanu wakhutira, amalume, pempho langa ndi lakuti m'malo motumiza ndalama yambiri kamodzi, muzitumiza kangachepe mwezi ndi mwezi pa Mukuru, chifukwa chimene komiti imasowa kwambiri ndi kudziwiratu kuti mwezi wamawa muli kanthu m'thumba. Mukauzekonso anzanu a kwathu amene mumasonkhana nawo kumeneko. Kwa abale amene muli ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndipo ndalama yakuvutani, dziwani kuti ana amenewa amaikidwa magazi kawirikawiri, ndipo magazi amachepa sukulu zikatsekera chifukwa ambiri opereka ndi ophunzira, choncho mukhoza kupita ku Malawi Blood Transfusion Service kukapereka. Amene muli pafupi ndi chipatala mukhozanso kumakaona gadiyani wochokera kwathu, kumutengerako ndiwo ndi sopo.

Komiti ikumananso Lamlungu likudzali tikaweruka ku tchalitchi, ndipo ngati pali funso lina limene mukufuna ndikawafunse, mulitumize lisanafike tsikulo. Nambala ya akaunti ndikutumizirani panokha madzulo ano. Mupereke moni kwa onse a pakhomo. Zikomo kwambiri, amalume.