Kwa mayi a ku Katete amene mwana wawo wasowa chipinda ku yunivesite

Mayi ena a ku Katete andilembera pa imelo kuti mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira ku Lusaka koma wasowa malo ogona, ndipo akufunsa ngati n'zoona kuti kale ophunzira ankakhala ngati mafumu. Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri.

Tsiku limene ndinkanyamuka pa Chipata, amayi anga anandipatsa thumba la ufa ndi mtedza wokazinga, ndipo ndalama zochepa anazimanga pangodya ya chitenje. Titawoloka mlatho wa Luangwa ndinalira mwakachetechete. Kumene ndinakafikako ndinagona pansi miyezi yambiri m'chipinda cha anthu awiri chimene tinkakhalamo asanu, nsima tikuphika pa kachitofu kamodzi mosinthana, mabuku ali pansi pa bedi limodzi ndi mapoto. Mnzanga wa ku Lundazi, amene anandigawira bulangete, ndimamutcha m'bale mpaka lero.

Akuluakulu akamasimba za kale sanama, koma amaiwala kunena kuti odyererawo anali angati. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, Azambia a madigiri anali pafupifupi 100 okha. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira ongopitirira 300, ndipo anthu wamba anasonkha ndalama, nkhuku ndi mbuzi kuti imangidwe. Kudyetsa kagulu kotero kunali kosavuta. Copperbelt University inabwera mu 1987, kenaka ophunzira anachuluka kuposa zipinda. Ine sindilira kuti masiku amenewo abwerere, chifukwa mwana wa mlimi ngati wanuyu akanatsalira kumudzi. Chimene ndikukana n'chakuti zidzukulu za amene anapereka nkhuku aja ziziphunzira ndi njala. Ndalama za chakudya zimene boma linkapatsa ophunzira zitachotsedwa mu 2019, ana a osauka ndiwo anavutika, ndipo kuzibwezera mu 2023 kunali kukonza cholakwa.

Zoti muchite

Mwanayo apite, musamuletse. Afunsire ngongole ya maphunziro ku HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, nthawi isanathe, alembetse dzina kwa oyang'anira zipinda, ndipo ngati mudzachite lendi ku Kalingalinga, komboni ya pafupi ndi University of Zambia, mukaone nyumbayo ndi maso anu musanalipire, makamaka chitseko, madzi ndi njira imene azidzayenda usiku pochokera ku laibulale.