Yankho: katundu woyenera kasitolo kodyera komishoni

Achimwene, mwafunsa kuti musankhe katundu wanji pa kasitolo kanu ka pa intaneti, kogulitsa katundu wa makampani ena inu n'kumalandira komishoni. Zovala zisiyeni, salaula wa pa msika wa Soweto ku Lusaka simungalimbane naye pa mtengo. Ine ndingakulozereni ku zinthu za sola: nyali, mabatire, mainivetala (makina osintha magetsi a m'batire kukhala ngati a m'nyumba) ang'onoang'ono. Chichokereni chilala cha 2024, pomwe madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, anthu a m'makomboni a Lusaka monga Matero ndi Chawama sagulanso zimenezi mwachisawawa. Amafuna wina awauze batire lolimba ndi liti. Ndalama yanu ili pamenepo, makamaka pa inivetala, poti komishoni imatsata mtengo wa katundu.

Koma musanalembetse ku kampani ya katunduyo, funsani kuti adzakulipirani bwanji. Makampani ambiri akunja satumiza pa Airtel Money kapena MTN. Ine kwanga kakomishoni koyamba ndinakadikira miyezi itatu.