Zitheka, koma liwiro lake ndi la kamba

Achimwene, mwafunsa ngati thirakitala yanu yakaleyo ingayendetse makina owazira nkhuni pogwiritsa ntchito pampu yake ya oyilo (hayidiroliki). Ingathe ndithu. Mphamvu si vuto: silinda ya makinawo ikakhala ya masentimita 10 m'mimba mwake, oyilo n'kupanikizika kufika pa 170 bar, imakankha matani opitirira 13. Chogwetsa ulesi ndi kuchedwa kwake. Pampu ikamatulutsa malita 15 pa miniti, silinda yoyenda masentimita 60 imatenga masekondi 19 kuti ifike kumapeto, kubwerera osawerengera.

Mathirakitala ambiri akale ndi a open centre, kutanthauza kuti oyilo amangozungulira n'kubwerera mu thanki pamene sakugwira ntchito, ndiye valavu ya makinawo mugule yamtundu womwewo, apo ayi oyilo azitentha ndipo pampu itha msanga. Koma ngati zipika n'zambiri, ine ndikanamangirira pampu ina ku PTO (shafiti yozungulira ya kumbuyo kwa thirakitala), yokhala ndi thanki yakeyake.