Kuperekera maphukusi mu Zomba: ndilowe kapena ndikhalebe pa kabaza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali. Ali ndi njinga yamoto yomwe anagula pangongole ndipo amachita kabaza. Kampani ina yotumiza katundu yamuitana kuti azikasiya maphukusi m'makomo mwa anthu ndi njinga yakeyo, malipiro n'kumawerengera phukusi lililonse. Akufunsa ngati n'kwanzeru kuvomera.

Achimwene, musanakondwe ndi ndalama ya paphukusiyo, afunseni kuti mafuta azigula ndani. Nkhani yonse yagona pamenepo. Zombayu mumamudziwa kuposa ine. Phukusi la ku Chikanda kapena kuyunivesite n'lapafupi, koma lina likhala la ku Domasi, ku Thondwe, kapena pamwamba paphiri ku Ku Chawe. Ngati mtengo wake uli umodzimodzi, maulendo ataliataliwo mukulipira ndinu.

Ndiye pali nthawi yomwe palibe amakulipirani. Nyumba zambiri kwathu kuno zilibe manambala, adilesi ndi "kuseri kwa chigayo". Mwafika, mwaimba katatu ndi mayunitsi anu, mwini katundu akuti ali kumaliro mubwere mawa. Pa kabaza kasitomala akatsika ndalama ili m'manja; apa mwawotcha mafuta, phukusi mwabwerera nalo. Onjezanipo masiku ogona pamzere wa mafuta, komanso mitengo ya matayala ndi oyilo yomwe inakwera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Sindikunena kuti mabwanawo ndi ankhanza ayi. Nawonso apanikizika. Kampani yovomerezeka imayenera kukhala ndi laisensi ya MACRA (bungwe la boma loyang'anira za mauthenga ndi zotumizatumiza), imalipira lendi ndi antchito a muofesi, pamene kudepoti kondakitala wa minibasi kapena dalaivala wa Sienta amanyamula kaphukusi kuchokera ku Limbe pamtengo wongogwirizana pakamwa. Ogulitsa nsapato ndi zovala pa Facebook ndi pa WhatsApp, omwe achulukitsa ntchitoyi, amathamangira kotchipa. Kampani ikatsitsa mtengo kuti isathawidwe, kopumira kwake kumakhala pa munthu wa panjinga. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa iyeyo ndi amene amanyowa ndi mvula n'kumalimbana ndi matope.

Funso lachiwiri n'lakuti akulembani ngati ndani. Lamulo la ntchito la 2000 limati wolembedwa ntchito apatsidwe mfundo za ntchito yake zolembedwa, maola okhazikika asapitirire 48 pa sabata, ndipo akapitiriza alandire ya ovataimu. Palinso lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito, la chaka chomwecho. Koma zonsezi zimateteza wantchito. Akakuuzani kuti ndinu "ejenti" wodziimira panokha, tsiku lomwe mudzagundidwe pamsewu wa ku Blantyre adzanena kuti sakukudziwani, ndipo mudzavutika kutsimikizira ku ofesi ya leba kuti munali wawo. Afunseninso za katundu wosweka kapena wosowa. Foni imodzi yokha itasowa m'chikwama chanu, n'kukudulani pamalipiro, thukuta la mwezi wonse lapita.

Maganizo anga ndi awa. Ngati njinga ndi yawo, mafuta ndi awo, malipiro ndi apamwezi ndipo mwasainirana pepala, lowani, chifukwa yanuyo mutha kupatsa mnzanu wodalirika kuti izibwezabe ngongole. Koma ngati zili monga mwalemberamu, musasiye siteji yanu. Tengani maphukusiwo ngati ganyu wa masana, nthawi yomwe okwera amachepa, ndipo muumirire kuti mtengo uzitengera kutalika kwa ulendo, ndalama zizilowa pa Airtel Money kapena Mpamba sabata iliyonse, osati kudikira kutha kwa mwezi.

Gulani kakope. Kwa masabata anayi muzilemba mafuta, mayunitsi, maulendo obwerera chabe ndi zomwe mwalandira, kenako muyerekeze ndi zomwe kabaza amakupatsani. Mukatero mudzandilemberenso, tidzawerengere limodzi.