Bwanji sanangonyamula ana n'kumapita?

Funso: Akonzi, ndangomaliza kuwerenga buku la nkhani yopeka yochitikira ku England m'zaka za m'ma 1840, nthawi ya Mfumukazi Victoria. Ndinaliponya pansi kawiri ndi mkwiyo. Mayi wa m'nkhaniyo anakwatiwa ndi chidakwa chimene chinathera pa njuga ndalama zonse zomwe malemu bambo ake a mayiyo anamusiyira. Ngakhale tindalama timene ankapeza posoka usiku pa kandulo, mwamunayo ankamulanda. Koma iye angokhala phee mpaka tsamba lomaliza! Kodi wolembayu sanakokomeze? Bwanji osangonyamula ana n'kumapita?
Mayi wowerenga

Yankho: Mayi, litoleni bukulo, wolembayo sananame. Lamulo la ku England nthawi imeneyo linkati mkazi akakwatiwa, iye ndi mwamuna wake asanduka munthu mmodzi, ndipo pamaso pa khoti munthuyo anali mwamunayo. Ndalama za masiye zija zinakhala za mwamunayo tsiku la ukwati. Zosokera zija nazonso zinali zake, choncho kumulanda sikunali kuba. Mabanja olemera ankazemba lamuloli polembetsa chuma cha mwana wawo wamkazi m'manja mwa anthu ochiyang'anira, koma zimenezi zinkafuna maloya ndi ndalama.

Za ana ndiye pamene pamandiwawa ineyo. Ana anali a bambo. Caroline Norton, mlembi wodziwika ku London, atasiyana ndi mwamuna wake George mu 1836, mwamunayo anamubisira ana awo atatu, onse aamuna. Mayiyu analemba, anadandaula, mpaka nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la 1839 lolola mayi kukapempha kukhoti kuti asunge ana osakwana zaka 7, bola ngati sanapezeke ndi mlandu wa chigololo. Muone, kupempha kokha. Ndipo mmodzi wa ana akewo, William, anamwalira mu 1842 atagwa pahatchi, mayi ake asanafike n'komwe.

Tsono mayi wanuyo akanapita kuti? Wopanda abale omulandira ankathera ku workhouse, nyumba za amphawi za pansi pa lamulo la 1834, kumene ana ankawagoneka kwina, makolo kwina.

Kuthetsa ukwati kuti munthu akwatiwenso kunkafuna lamulo lapadera la nyumba ya malamulo, zimene ankakwanitsa ndi anthu achuma okha. Khoti losudzula linabwera ndi lamulo la 1857, koma lokondera: mwamuna ankangosonyeza kuti mkazi wachita chigololo, pamene mkazi ankayenera kuwonjezerapo mlandu wina, monga nkhanza kapena kuthawidwa. Kuledzera ndi njuga pazokha sizinali chifukwa.

Malipiro a mkazi wokwatiwa anakhala akeake mu 1870, katundu wake yense mu 1882. Tawerengerani nokha: ngati mayi wa m'buku lanulo anali ndi zaka 30 mu 1845, ndalama yoyamba yosokera imene mwamuna wake sakanatha kumulanda akanaigwira ali ndi zaka 55.