Tifunseni: Seva, magetsi ndi kutentha

Seva yathu ya Dell ili ndi ma power supply (zida zolandirira magetsi) awiri ndipo tili ndi UPS (chida cha mabatire chopereka magetsi akathima), koma magetsi a ESCOM akangothima nayonso imathima. Nanga awiriwo ntchito yake n'chiyani? — Woyang'anira makompyuta, Limbe

Bambo, pitani kuseri kwa seva mukaone kumene zingwe ziwirizo zalowa. Kawirikawiri zonse zimakhala pa extension imodzi yopita ku UPS imodzi. Zikatero, power supply yachiwiri imangothandiza inzake ikapsa. UPS ikafooka, zonse zimagwera limodzi.

Pamafunika njira ziwiri zosakumana: chingwe chimodzi pa UPS yoyamba, china pa UPS yachiwiri, iliyonse pa breaker yakeyake. Ndalama zikachepa, chachiwiricho chilowe pa soketi yapakhoma ya breaker ina, yokhala ndi surge protector (choteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu), poti mphezi za dzinja sizisankha.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa katundu. Njira imodzi ikafa, inzake imasenza zonse nthawi yomweyo, choncho UPS iliyonse isamanyamule kuposa theka la mphamvu zake. Musanyengedwe ndi nambala yapabokosi: UPS zambiri zotchipa zolembedwa 1,000VA zimapereka 600W basi.

Koma ife tikukayikira mabatire a UPS yanuyo. A lead-acid amatha zaka 3 mpaka 5 akamakhala pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wake umatsika ndi theka. M'kachipinda kopanda mpweya mu Okutobala muno mu Blantyre, batire limatha nyale ya UPS ikadali yobiriwira. Yesani anthu ataweruka: thimitsani breaker ya UPS seva ili yoyaka, muwerenge mphindi. Musazule pulagi, chifukwa mumachotsanso earth, waya woteteza wopita pansi. Ikalephera mphindi 10, gulani mabatire ena, ndipo musinthe onse pamodzi. Lumikizaninso UPS ku seva ndi USB kapena netiweki kuti batire likatsala pang'ono seva izidzitseka bwinobwino.

Jenereta yathu imayaka yokha usiku, koma m'mawa timapeza seva yathima, chipinda chili ngati uvuni. — Mayi wa ku Ginnery Corner

Mayi, funsani amene anaika waya ngati aircon ili pa jenereta. Nthawi zambiri amaisiya poopa kulemetsa jenereta. Ngati ili pomwepo, onani ngati imayambanso yokha magetsi akabwera. Zina zimadikira munthu wa rimoti. Seva imapitiriza kutulutsa kutentha m'chipinda chotseka mpaka imadzithimitsa kuti purosesa isapse.

Chida choyezera kutentha muli nacho kale m'kati mwa seva. Seva za Dell zili ndi iDRAC, za HPE zili ndi iLO, ndipo zimaonetsa kutentha kwa mpweya wolowa, liwiro la mafani, ndi power supply imene yafa. Bungwe la ASHRAE, la akatswiri a zoziziritsa ndi zotenthetsa nyumba, limalangiza kuti mpweya wolowa ukhale pa madigiri 18 mpaka 27. Ikani chenjezo loyamba pa 27, lachiwiri pa 32, chifukwa seva zambiri malire ake ndi 35.

Masensa owonjezera aikeni kutsogolo kwa rack (shelefu yachitsulo yoikamo maseva), kumene mpweya umalowera: ina pamwamba, ina pakati, ina pansi. Yapamwamba ndiyo imayamba kulira. Chinyezi chikhale 40 mpaka 60 peresenti, ndipo pansi pa aircon muike sensa ya madzi, chifukwa paipi yake ikatsekeka imadontha. Mipata yopanda seva mu rack muitseke kuti mpweya wotentha usabwerere kutsogolo, ndipo fumbi la m'chilimwe muzilichotsa pa fyuluta mwezi uliwonse.

Chenjezo la imelo silituluka ngati switch ndi rauta, zida zolumikiza netiweki, zathima, choncho nazonso zikhale pa UPS. Onjezani modemu ya SMS, uthenga uzipita kwa anthu awiri, mmodzi akhale wokhala pafupi amene ali ndi kiyi wa chipindacho.