Za madzi otentha a ku Bath ndi wokonza ulendo amene anatidyera ndalama

Achemwali, pa zimene mwafunsa zopita ndi amayi anu ku Bath, mzinda wa ku England, musawalonjeze kuti akasamba m'dziwe lakale la Aroma kumeneko, chifukwa kusamba m'madzi osathiridwa mankhwala a kasupe ameneyu kunaletsedwa mu 1978, mtsikana wina atamwalira ndi matenda oumitsa khosi omwe anawatenga posambira.

Ife zimenezi sanatiuze mkulu wina wokonza maulendo, Mmalawi mnzathu ndithu, yemwe anatilipiritsa ponena kuti mtengowo ukuphatikizapo kusamba. Apongozi anga, omwe amavutika ndi nyamakazi, ananyamula thaulo, sopo ndi chitenje chosinthira, ndipo m'basi monse ankauza anthu kuti pobwerera ndodo yawo ikhala itatha ntchito. Titafika padziwe lobiriwiralo, nthunzi ili tolotolo, iwo anakhala pamwala n'kuyamba kuvula nsapato, mpaka wogwira ntchito pamalopo anabwera kudzawauza mwaulemu kuti ngakhale kukhudza madziwo sikuloledwa, uku alendo a mayiko ena akuyang'anitsitsa. Anavalanso nsapatozo pang'onopang'ono osayankhula kanthu. Mkulu uja foni anali atazimitsa, ndipo madzulo anatiyankha kuti ifeyo ndi amene sitinamvetse. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyo sindinamuonepo.

Aroma, omwe anamanga kachisi wa mulungu wawo wamkazi Sulis Minerva pakasupeyu pakati pa zaka za 60 ndi 70 AD, ankalemba matemberero patizitsulo tamtovu n'kutiponya m'madzimo, ndipo tambiri mwa tizitsulo toposa 100 timene tinapezeka timadandaula za zovala ndi ndalama zobedwa posamba. Nditaziwerenga ndinalakalaka nditalembapo dzina la mkuluyo.

Komabe pitani nawo amayiwo. Madzi oposa malita 1 miliyoni amatuluka tsiku lililonse ali otentha madigiri 46, ndipo odwala akhala akuwalondola kuyambira kale, moti mu 1742 mumzindawu munatsegulidwa chipatala cha anthu obwera kudzafuna machiritso. Kumapeto kwa njira yoonera malo a dziwe la Aromawo kuli mpopi wa madzi a kasupeyu oti munthu alawe, ngakhale kuti sakoma. Ngati akufunitsitsa kulowa m'madzi, ku Thermae Bath Spa, komwe anatsegula mu 2006, amasambitsa m'madzi omwewo atawayeretsa, koma matikiti ake ndi apadera ndipo mugule nokha. Za mayendedwe zokha musiyireni wokonza maulendo wodalirika, chifukwa sitima yochokera ku London Paddington ndi yodula mukakhala ambiri.